Sitima zopanda amalinyero: zidzadziwa bwanji kuti zikunamizidwa?

Sitima yapamadzi yodziyendetsa yokha ndi chombo chomwe chimadziwa pomwe chili, kuona zomwe zili patsogolo pake, kusankha njira ndi kupotoza chiwongolero popanda dzanja la munthu. Zombo zotere zilipo kale, ngakhale kuti zambiri n'zazing'ono ndipo zikadali pamayeso. Sukulu zaukachenjede za ku Britain, Norway, America ndi maiko ena zakhala zikuchita kafukufuku pankhaniyi kwa zaka zoposa khumi. Poyamba akatswiri ankafuna kudziwa ngati kompyuta ingathe kuyendetsa chombo panyanja yamchere, ndipo anapeza kuti ingathe. Chomwe chikuwaswetsa mitu tsopano n'chakuti kompyuta ili ngati wantchito womvera koma wosadziwa kukayika, amene amalandira chilichonse chomwe zipangizo zamuuza, chikhale choona kapena chabodza.

Kwa munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali. Komatu katundu woposa magawo 80 pa 100 aliwonse a malonda a pakati pa maiko amayenda panyanja. Feteleza, mafuta, mankhwala ndi galimoto zomwe zimalowa m'dziko muno zimatsikira pamadoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimatulukira komweko. Doko likatsekeka, mashelefu a m'sitolo za ku Limbe amadziwa pasanathe milungu yambiri.

Magawo anayi a kudziyendetsa

Bungwe la United Nations loona za maulendo apanyanja la International Maritime Organization, lomwe limadziwika kuti IMO ndipo likulu lake lili ku London, linagawa zombozi m'magawo anayi mu 2018. Gawo loyamba ndi la sitima yomwe ili ndi amalinyero koma makina amawathandiza kupanga ziganizo. Lachiwiri ndi la sitima yoyendetsedwa ndi anthu omwe ali kumtunda, koma amalinyero alimo, okonzeka kugwira chiwongolero zikavuta. Lachitatu ndi loyendetsedwa kuchokera kumtunda mulibe munthu aliyense. Lachinayi ndi la sitima yomwe imaganiza ndi kuchita zonse payokha.

Sitima yotchuka kwambiri pankhaniyi ndi Yara Birkeland ya ku Norway, yotalika mamita 80 (Ilala ndi ya mamita 52), yoyendera mabatire ndipo imanyamula makontena 120. Inayamba ntchito mu 2022, kunyamula feteleza kuchokera kufakitale ya kampani ya Yara ku Herøya kupita kudoko la Brevik, ulendo wa makilomita pafupifupi 13. Cholinga chinali chochotsa pamsewu maulendo a malole okwana 40,000 pachaka. Anthu ambiri anaitamanda ngati sitima yoyamba yonyamula makontena yopanda amalinyero, koma patatha zaka ziwiri chiyambireni ntchito inali ikuyendabe ndi amalinyero ochepa.

Maso ndi makutu a chombo

Sitima yamakono imadziwa pomwe ili kudzera mu GPS. Masetilaiti omwe amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 amatumiza uthenga wa nthawi, ndipo kachipangizo ka m'sitima kamawerengera malo ake poyerekeza nthawi yomwe uthenga wa masetilaiti anayi kapena oposerapo watenga kuti ufike. Pofika padziko uthengawu umakhala wofooka zedi, ndipo womwe anthu wamba akhala akugwiritsa ntchito ulibe chidindo chotsimikiza kuti wachokeradi kumwamba.

Pali chipangizo china chotchedwa AIS, chomwe sitima zikuluzikulu zoyenda pakati pa maiko zimakakamizidwa kukhala nacho. Ichi chimaulutsa pawailesi dzina la sitima, malo ake, liwiro ndi komwe ikulowera, kuti zinzake ziidziwe. Nachonso sichifunsa kuti wolankhula ndi ndani, kotero munthu wokhala ndi wailesi yoyenera angathe kulenga sitima yomwe kulibe kapena kusuntha yomwe ilipo. Zonsezi, pamodzi ndi rada, kampasi ndi choyezera kuya kwa madzi, zimathera pamapu a pakompyuta otchedwa ECDIS. Zipangizozi zinapangidwa m'nthawi yomwe sitima inali ngati chilumba, yosalumikizidwa ku intaneti, ndipo omwe ankazipanga ankaopa namondwe ndi matanthwe, osati mbava yokhala pakompyuta kutsidya lina la dziko.

Pali njira ziwiri zosokonezera GPS. Yoyamba ndi kuigonthetsa ndi phokoso la mafunde a wailesi. Imeneyi ndi yokwiyitsa koma yosabisika, chifukwa chipangizo chimaleka kuonetsa malo ndipo belu lochenjeza limalira. Yachiwiri ndi kuinamiza, kuipatsa uthenga wonga weniweni koma wokhala ndi malo olakwika. Iyi ndiye yoopsa, pakuti wonamizidwayo amayenda mtima uli m'malo.

Zomwe zinachitikira White Rose of Drachs

Mu June 2013, Pulofesa Todd Humphreys wa pa University of Texas at Austin ndi ophunzira ake anakwera chombo chapamwamba chotchedwa White Rose of Drachs, chotalika mamita 65 komanso cha ndalama zokwana madola 80 miliyoni a ku America, chomwe chinali paulendo wochokera ku Monaco kupita ku Rhodes panyanja ya Mediterranean. Eni chombo anavomereza mayesowo. Ophunzirawo anali ndi kabokosi kofanana ndi chikwama cha m'manja, ndipo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera kugombe la Italy anayamba kuulutsa uthenga wabodza wa GPS.

Ukathyali wake unagona pa kudekha. Anayamba ndi uthenga wofooka wofanana ndendende ndi weniweni, kenako n'kumaukweza pang'onopang'ono mpaka unaposa mphamvu ya masetilaiti. Zipangizo za m'chombomo zinasiya uthenga woona n'kutsatira wabodza popanda belu lililonse kulira. Atatero anasuntha malo pang'ono, moti pasikirini zinaoneka ngati mphepo kapena madzi akankhira chombocho pambali. Oyendetsa anachita zomwe mmalinyero aliyense wodziwa ntchito angachite: anakhotetsa chiwongolero kuti abwerere munjira. Kukhota kumeneko ndiye kunawachotsa munjira yeniyeni. Atachita zimenezi kangapo, chombocho chinali chitataya njira yake ndi mamita mazanamazana, pomwe mapu a pasikirini ankaonetsa mzere wowongoka bwinobwino.

Umboni wa bodzalo unali kunja. Mzere wa thovu womwe chombo chimasiya m'mbuyo mwake unali wokhota, ndipo munthu woima kumbuyo kwa chombocho ankatha kuuona ndi maso. Apa ndi pomwe pagona vuto la sitima yopanda anthu. Mmalinyero amene waona kuti dzuwa lili mbali yolakwika, kapena kuti phiri lomwe amalidziwa silili pomwe mapu akunena, amakwinya nkhope n'kuyamba kufunsa. Akachotsedwa m'sitima, kukwinya nkhopeko kuyenera kulembedwa m'pulogalamu ya kompyuta.

Patangotha zaka zinayi, zomwe zinali mayeso a kusukulu zinaoneka panyanja. Mu June 2017 sitima zosachepera 20 zomwe zinali pafupi ndi doko la Novorossiysk ku Russia, pa Black Sea, zinapeza kuti GPS ikuziika kumtunda, pabwalo la ndege la Gelendzhik. Palibe ngozi yomwe inachitika, chifukwa makaputeni anadziwa kuti sitima siingakhale pabwalo la ndege. Mu 2019 bungwe la kafukufuku la C4ADS la ku Washington, mothandizana ndi akatswiri a ku Texas aja, linawerenga zochitika zotere zokwana 9,883 zomwe zinakhudza sitima 1,311 kuyambira mu 2016.

Labotale yothyolera sitima ku Plymouth

Sitima yodzaza mafuta siyeserapo chiwembu ili panyanja. N'chifukwa chake University of Plymouth, kummwera chakumadzulo kwa England, inakhazikitsa labotale ya Cyber-SHIP Lab, yomwe inalengezedwa mu 2019 ndipo inafuna mapaundi pafupifupi 3 miliyoni, ena mwa iwo ochokera ku bungwe la boma la Research England. Gulu la ofufuza lomwe akhala akulitsogolera ndi Pulofesa Kevin Jones ndi Dr Kimberly Tam linasonkhanitsa zipangizo zenizeni za m'chipinda choyendetsera sitima, zopangidwa ndi makampani osiyanasiyana, n'kumazilumikiza monga momwe zilili m'sitima inayake. Akatero amaziukira ngati mmene angachitire wachiwembu, n'kuona chomwe chigonje.

Kulumikizako n'kofunika chifukwa chipangizo chingakhale chotetezeka pachokha koma n'kukhala khomo chikakumana ndi chinzake. Sitima imagwira ntchito zaka 25 kapena 30, ndipo m'zaka zimenezi imasintha eni, amisiri osiyanasiyana amawonjezamo zawo, mpaka pamakhala kompyuta yatsopano yolankhulana ndi ina yomwe pulogalamu yake anasiya kalekale kuikonza. Mapu atsopano nthawi zambiri amalowetsedwa ndi fulashi, ndipo fulashi yomwe yadutsa m'makompyuta angapo kudoko ingabweretse vairasi m'sitima yomwe sinalumikizidwepo ku intaneti.

Jones ndi Tam anakonzanso njira yoyezera chiopsezo yotchedwa MaCRA, yomwe imafunsa zinthu zitatu: chipangizo chili ndi chofooka chotani, n'kosavuta bwanji kuchipezerera, nanga wachiwembu apindula chiyani. Funso lachitatuli limathandiza mwini sitima kudziwa komwe ayambire, pakuti wofuna dipo, wozembetsa mankhwala ozunguza bongo m'makontena ndi kazitape wa boma safuna chinthu chimodzi.

Pa kafukufuku wina gululi linayerekeza sitima yaikulu ya makontena ikulowa padoko la Valencia ku Spain ili ndi vairasi yomwe yakhala chete ulendo wonse, kudikira kuti ifike pakhomo la doko ndipo pomwepo ilande chiwongolero ndi injini. Pamalo opapatiza chotero amalinyero amakhala ndi kanthawi kochepa zedi koti achitepo kanthu. Zotsatira za sitima imodzi yopingasa panjira dziko linaziona mu March 2021, pomwe Ever Given inatseka ngalande ya Suez kwa masiku asanu ndi limodzi. Ija inali ngozi chabe, panalibe wachiwembu, koma inaonetsa aliyense wa maganizo oipa kukula kwa phindu lake.

Kunamiza maso a makina

Sitima yodziyendetsa ili ndi chofooka china chomwe sitima wamba ilibe. M'malo mwa mlonda woyang'ana panyanja, ili ndi makamera ndi pulogalamu ya AI yomwe inaphunzitsidwa poonetsedwa zithunzi zikwizikwi za zombo, maboti ndi zizindikiro zoyandama. Pulogalamu yotere imazindikira zinthu m'njira yosiyana ndi ya munthu, ndipo imapusitsika ndi zinthu zomwe mwana sangapusitsike nazo. Ofufuza a sukulu zingapo za ku America anaonetsa mu 2017 kuti timapepala tochepa tomatidwa pachikwangwani cha STOP tingachititse kompyuta kuchiwerenga ngati chikwangwani cha liwiro. Ofufuza a ku Plymouth akhala akuyesa njomba zamtunduwu pa zombo: chithunzi chojambulidwa mwaluso pambali pa boti kuti kamera isalizindikire, kapena zithunzi zolakwika zolowetsedwa mwachinsinsi panthawi yomwe pulogalamu ikuphunzitsidwa, kuti ikule ndi khungu lomwe eni ake sakulidziwa.

Mankhwala omwe akatswiri akutsata si achilendo kwa aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu: mboni imodzi siikwanira. Zomwe GPS yanena ziyerekezedwe ndi maonekedwe a gombe pa rada, kuya kwa madzi, komanso zipangizo zomwe zimamva kukhota ndi liwiro la chombo popanda kudalira uthenga wakunja. Mboni zikasemphana, kompyuta idziwe yomwe ikunama ndi kuileka. Masetilaiti a Galileo a ku Ulaya ayamba kuika chidindo pauthenga wawo kuti chipangizo chithe kutsimikiza gwero lake. Netiweki ya m'sitima nayo ikugawidwa, kuti intaneti yochezera ndi abale isakhale ndi njira yofikira ku injini.

Chovuta kwambiri ndi choti chombo chichite chiyani chikazindikira kuti sichikudziwanso choona. Galimoto yodziyendetsa ingathe kupatuka n'kuima pambali pamsewu. Panyanja palibe pambali. Sitima yomwe yazimitsa injini imatengedwa ndi mphepo ndi madzi, ndipo pakati panyanja nangula safika pansi. Kuima kungakhale kwanzeru pamalo ena koma kwangozi pakhomo la doko, choncho ofufuza amayenera kulemberatu chochita pamalo aliwonse a ulendo.

Munthu wa kumtunda

Ku Trondheim, Norway, sukulu ya sayansi ndi luso ya NTNU yatsata mbali ina ya nkhaniyi. Mu 2016 boma la Norway linapatula nyanja ya Trondheimsfjord kukhala malo oyeserapo zombo zodziyendetsa, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi awo anapanga kachombo kowolotsa anthu kotchedwa milliAmpere. Kachiwiri kake, milliAmpere 2, kanawolotsa anthu wamba pangalande ya mumzindawo kwa milungu itatu mu 2022, muli munthu mmodzi woyang'anira chitetezo. Kafukufukuyu anabala kampani ya Zeabuz, yomwe luso lake lili m'chombo cha Estelle chomwe chinayamba kuwolotsa anthu ku Stockholm mu 2023.

Sukuluyi ilinso ndi chipinda choyesera momwe munthu wa kumtunda angayang'anirire zombo pasikirini. Zomwe amafufuza kumeneko n'zaumunthu kwambiri kuposa zamakina. Munthu amene wakhala nthawi yaitali akuonerera chombo chikuyenda bwino amatopa, maganizo amapita kwina, ndipo belu likalira amafuna nthawi kuti amvetse zomwe zikuchitika asanagwire chiwongolero. Samva kugwedezeka kwa chombo, sanunkhiza utsi, ndipo zonse zomwe akuona zadutsa m'zipangizo zomwezo zomwe mwina zanamizidwa. Njira yolumikizirana pakati pa chipindacho ndi chombo ndi khomo lina loyenera kulondera, chifukwa amene walanda chipinda chimodzi walanda zombo zonse zomwe chikuyang'anira.

Chiwembu cha kumtunda chinachitikapo kale. Pa 27 June 2017 vairasi ya NotPetya, yomwe inafalikira kudzera m'pulogalamu yolipirira misonkho ku Ukraine, inazimitsa makompyuta a Maersk, yomwe panthawiyo inali kampani yaikulu koposa yonyamula makontena padziko lonse. Kampaniyi inataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni, ndipo inakonzanso makompyuta 45,000 m'masiku khumi. Kope limodzi la kaundula wofunika wa netiweki yake linapulumuka muofesi ina ya mu Africa, pomwe kompyuta inali yozima chifukwa magetsi anali atathima: tsoka lomwe anthu a mu Africa amalidandaula tsiku ndi tsiku linapulumutsa kampani ya ku Denmark. Sitima zake zinapitiriza kuyenda chifukwa munali amalinyero, ndipo ogwira ntchito anabwerera ku mapepala, zolembera ndi WhatsApp. Kufupi ndi kuno, pa 22 July 2021, achiwembu analowa m'makompyuta a Transnet ku South Africa, ndipo ntchito yonyamula makontena pamadoko a Durban, Cape Town, Gqeberha ndi Ngqura inasokonekera kwa masiku oposa sabata.

Kodi ngozi zidzachepa?

Olimbikitsa zombo zodziyendetsa amakonda kunena kuti ngozi zambiri zapanyanja zimachitika chifukwa cha kulakwitsa kwa anthu, monga kutopa, tulo ndi kusamvana. Zimenezi n'zoona, koma chiwerengerocho chili ndi mbali yomwe sichionetsa, pakuti ngozi yomwe mmalinyero wailewa siilembedwa m'buku lililonse. Mu 2017 akatswiri atatu a ku Poland ndi Finland, Krzysztof Wróbel, Jakub Montewka ndi Pentti Kujala, anawerenga malipoti a ngozi 100 n'kudzifunsa kuti zikanatha bwanji sitimazo zikanakhala zopanda anthu. Anapeza kuti kugundana ndi kutsakamira pamiyala kukanachepa, koma moto, kulowa madzi ndi kuwonongeka kwa makina zikanakhala ndi zotsatira zoipa kwambiri, popeza pakanasowa wozimitsa kapena wotseka pobowoka.

Ulendo wa Mayflower Autonomous Ship unachitira umboni mfundoyi. Chombo cha mamita 15 chimenechi, chopangidwa ndi bungwe la ProMare mothandizana ndi IBM pokumbukira zaka 400 za ulendo wa Mayflower ya mu 1620, chinanyamuka ku Plymouth mu June 2021 mulibe munthu, koma chinabwerera patatha masiku atatu chifukwa kachitsulo kena kanathyoka. Chinanyamukanso pa 27 April 2022, n'kupatukira kuzilumba za Azores kaamba ka vuto la jenereta, kenako n'kukocheza ku Halifax, Canada, pa 5 June, m'malo mwa ku America komwe chinkapita. Kompyuta yoyendetsa inagwira ntchito yake. Chomwe chinasowa ndi munthu wogwira sipanala.

Malamulo akutsalira

Malamulo opewera kugundana panyanja a mu 1972 amati chombo chilichonse chikhale ndi ulonda wokwanira wa maso ndi makutu nthawi zonse, ndipo m'malo ambiri amadalira nzeru za mmalinyero wozolowera, chinthu chovuta kuchisandutsa manambala. Malamulo ena amalamula kaputeni kupulumutsa anthu omwe ali pangozi panyanja. Sitima yopanda munthu ingathe kuona boti la othawa kwawo likumira, koma ilibe manja owavuulira. Palinso funso la yemwe ayankhe mlandu ngozi ikachitika, kaya ndi mwini sitima, woyang'anira wa kumtunda kapena kampani yomwe inalemba pulogalamu, ndipo makampani a inshuwalansi akufuna yankho lomveka asanaikepo ndalama zawo. Amalinyero pafupifupi 1.9 miliyoni omwe amagwira ntchito m'sitima zamalonda, ambiri ochokera ku Philippines, Russia, Indonesia, China ndi India, nawonso akutchera khutu.

Pa chitetezo cha makompyuta pali zomwe zachitika. Mu June 2017 IMO inagwirizana kuti pofika 2021 makampani a sitima aziika chiopsezo cha pakompyuta m'ndondomeko zawo zachitetezo. Bungwe la IACS, lomwe limasonkhanitsa mabungwe oyendera ndi kuvomereza kamangidwe ka sitima, linalamula kuti sitima zatsopano zomwe mgwirizano wozimanga wasainidwa kuyambira pa 1 July 2024 zikwaniritse mfundo zake za chitetezo cha makompyuta. Sitima zikwi makumimakumi zomwe zinamangidwa kale sizikhudzidwa ndi mfundozi. Koma malamulo a IMO okhudza zombo zodziyendetsa, otchedwa MASS Code, anakonzedwa kuti ayambe ngati osakakamiza ndiponso okhudza sitima za katundu zokha, ndipo okakamiza akuyembekezeka m'zaka za m'ma 2030.